Phunziro la Makomiti a M'madoko: Ukhondo wa Msodzi Suli pa Malaya

Mau oyamba

Phunziro ili ndi la mamembala a makomiti a usodzi a m'madoko a kumwera kwa nyanja ya Chilwa ndi ku Mpoto, pamodzi ndi onse amene amagula nsomba kumeneko n'kukagulitsa pa msika wa Chiringa ndi misika ina ya m'boma la Phalombe. Mlembi wa komiti awerenge phunziroli mokweza pa msonkhano, ndipo aziima pa ndime iliyonse kuti anthu akambirane. Ndi bwino kuitananso a mfumu, mlangizi wa za usodzi ndi mlangizi wa za umoyo wa m'dera lanu.

Pomaliza phunziroli, membala aliyense athe:

* kusiyanitsa maonekedwe a munthu ndi ukhondo weniweni;
* kufotokoza mmene kolera ndi likodzo zimafalikira pa doko;
* kutchula malamulo a ukhondo amene komiti ingathe kukhazikitsa popanda kuchititsa munthu manyazi.

1. Fungo la nsomba si uve

Msodzi akakwera minibasi, ena amafinya mphuno. Mayi wowamba milamba akafika pa gulu, ena amasuntha pang'ono. Ana a asodzi amanenedwa kusukulu kuti akununkha matemba. Chifukwa cha zimenezi asodzi ena anafika pongovomereza kuti ntchito yawo ndi ya uve basi, ndipo kusamba m'manja n'kutaya nthawi. Ena amachita mosiyana: amasunga malaya abwino opitira ku msika, amadzola mafuta onunkhira, koma manja amene agwirira nsomba sanaone sopo chichokereni kuthengo.

Onse awiriwa asokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Fungo la nsomba, utsi wa m'ng'anjo, matope a m'miyendo ndi kabudula wa zigamba ndi zizindikiro za ntchito. Palibe munthu amene anadwalapo kolera chifukwa choima pafupi ndi msodzi wa malaya ong'ambika. Chimene chimadwalitsa anthu sichioneka ndi maso ndipo nthawi zambiri sichinunkha. Ndi tizilombo ta m'chimbudzi cha munthu, timene timakhala m'manja, m'zikhadabo, m'madzi akumwa ndi pa miyendo ya ntchentche. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wotchena akhoza kunyamula matenda, pamene mnzake wa nsanza amene wasamba m'manja ndi sopo palibe amene angamudwalitse.

Tsono komiti ikamakamba za ukhondo isayambire pa kavalidwe ka anthu. Iyambire pa zinthu zitatu: manja, madzi ndi chimbudzi.

2. Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu kuno ku Chilwa

Nyanja ya Chilwa ndi yosiyana ndi nyanja ya Malawi. Mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi imathira madzi ake m'nyanjayi, koma palibe mtsinje umene umatulutsa madzi. Nyanjayi ndi yosaya, madzi ake ndi a matope ndiponso a mchere pang'ono. Choncho chilichonse chimene chalowa m'madzimo sichipita kwina. Chimatsala momwemo, pamene asodzi akutunga madzi akumwa, kutsuka nsomba ndi kusamba.

Mbiri ya nyanjayi ikutichenjeza. Kolera inavuta m'madera ozungulira Chilwa m'zaka za 2009 ndi 2010. Inabukanso kumapeto kwa chaka cha 2015, ndipo ambiri mwa amene anayamba kudwala anali asodzi okhala m'zimbowera. M'chaka cha 2016 Unduna wa za Umoyo, mothandizidwa ndi mabungwe monga Médecins Sans Frontières, unapereka katemera wakumwa wa kolera m'maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe. Popeza kunali kovuta kuwapezanso asodzi a m'zimbowera patapita masabata awiri, iwo anapatsidwa kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha pa nyanja pomwepo.

M'mwezi wa Marichi 2022 kolera inabukanso, ndipo wodwala woyamba anapezeka m'boma la Machinga. Mliri umenewu unafika m'maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 59,000 anadwala, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Ndi mliri wa kolera umene unapha anthu ambiri kuposa ina yonse m'mbiri ya Malawi. Uli m'kati, namondwe wa Freddy anagwa m'mwezi wa Marichi 2023 n'kugumula nyumba, zimbudzi ndi zitsime zambiri kuno ku Phalombe. Mliriwo unatha, koma zimene zinaubweretsa zikadalipo m'madoko ambiri.

Tikumbukirenso kuti nsomba siikhala pa doko. Matemba, makumba ndi milamba zimakwera njinga m'mawa, masana zili pa msika wa Chiringa kapena Migowi, mawa lake zili ku Limbe. Anthu amabwera kuchokera ku Mozambique, ena kuchokera ku Zomba ndi Mulanje. Dzanja limodzi losasamba pa doko likhoza kudwalitsa banja limene silinaonepo nyanja.

3. Mmene matenda amayendera

*Kolera.* Kachilombo ka kolera kamatuluka m'thupi kudzera m'chimbudzi ndi masanzi, ndipo kamalowa mwa munthu wina kudzera pakamwa. Munthu akhoza kuyamba kudwala patangopita maola 12, kapena patapita masiku 5. Amatsegula m'mimba mwa madzimadzi ooneka ngati otsukira mpunga, nthawi zina amasanza, ndipo madzi amatha m'thupi msanga kotero kuti munthu wamphamvu akhoza kumwalira tsiku lomwelo.

Chimene ambiri sadziwa ndi ichi: anthu ambiri amene atenga kachilomboka sadwala n'komwe. Amayenda, amapalasa bwato, amagulitsa nsomba, koma chimbudzi chawo chimakhala ndi kachilomboka kwa masiku angapo. N'chifukwa chake simungamudziwe ndi maso munthu wofalitsa kolera. Lamulo la kusamba m'manja liyenera kukhudza aliyense: mwini khoka, mlovi, wogula, wapampando wa komiti ngakhale mlendo wovala jekete.

*Likodzo.* Munthu wa likodzo akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. Timatuluka mu nkhonomo n'kulowa pa khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Mnyamata akamakodza magazi, ena amati wakula. Ayi, ameneyo akudwala. Likodzo likakhalitsa limaononga chikhodzodzo ndi impso, limachepetsa magazi, ndipo limaononga ziwalo zoberekera za amuna ndi akazi omwe. Mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka ku chipatala.

*Mphere, zipere ndi zilonda.* Izi zimafala pogonera mphasa kapena chofunda chimodzi, ndi pokhala ndi zovala zonyowa tsiku lonse. Munga wa mlamba ukabaya, bala limatukusira msanga ngati silinatsukidwe. Chilonda cha mafinya chikakhudza nsomba yowamba kale, wodya akhoza kudwala m'mimba.

4. Mau amene timamva pa doko

Werengani mau awa limodzi ndi limodzi. Funsani anthu ngati anawamvapo, kenako kambiranani yankho lake.

*"Nyanja ndi yaikulu, imatsuka yokha."* Chilwa alibe potulukira madzi. Ndiponso munthu sadzithandizira pakati pa nyanja penipeni. Amatero m'njeza pafupi ndi chimbowera kapena m'mbali mwa doko, pomwe anzake amatunga madzi.

*"Ife tinazolowera, sitifa ndi uve."* Kolera yapha asodzi amene anabadwira pa nyanja pomwepa. Ngakhale inu musadwale, mwana wanu wamng'ono ndi agogo ake alibe mphamvu zonga zanu.

*"Ndakhala m'madzi tsiku lonse, ndisambiranji?"* Kunyowa si kusamba. Madzi a m'nyanja ndi amene ali ndi tizilombo. Manja amayera ndi sopo ndi madzi otetezedwa, othira mochita kutsanulira.

*"Sopo ndi wodula."* N'zoona kuti ndalama zimavuta. Koma kachidutswa ka sopo komangirira pa chingwe kamathandiza anthu ambiri, ndipo mtengo wake sufika pa ndalama yobwereka bwato ndi njinga zopititsira wodwala ku chipatala. Sopo akasowa, phulusa la m'ng'anjo ndi labwino kusiyana ndi madzi okha.

*"Moto umapha zonse."* Moto umaphadi tizilombo ta pa nsomba pamene ikuwambidwa kapena kuphikidwa. Koma nsomba ikachoka pa moto imagwiridwa ndi wowamba, wosankha, wolongedza ndi ogula amene amaitembenuza posankha. Ana amadya matemba ouma osaphika. Ngozi yaikulu ili pamenepo.

5. Thupi ndi zovala pa ntchito

Palibe amene akuti msodzi azilowa m'madzi ndi malaya osita. Zofunika ndi izi:

* Sambani m'manja ndi sopo mukachoka ku chimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanagwire nsomba zouma kapena zowamba, musanaphike ndiponso musanadye.
* Musasambire m'manja m'beseni limodzi. Womaliza amasamba litsiro la anzake onse. Wina athirire mnzake, kapena gwiritsani ntchito mpondagiya.
* Wengani zikhadabo. Chotsani mphete ndi zibangili potumbula nsomba, chifukwa litsiro limabisala kunsi kwake.
* Khalani ndi chitenje kapena epuloni ya ntchito yokha. Chitenje chimodzi chisakhale chopukutira manja, chominira mwana, choberekera ndi chovundikira nsomba.
* Mangani duku kapena valani chipewa poyanika, powamba ndi pogulitsa.
* Chilonda cha pa dzanja chitsukidwe ndi madzi otetezedwa n'kumangidwa. Chikakhala ndi mafinya, munthuyo agwire ntchito ina kufikira chitapola.
* Amene akutsegula m'mimba asagwire nsomba kapena chakudya cha anthu ena.
* Mukaweruka, sambani ndi kuvala zouma. Zovala za ntchito zichapidwe n'kuyanikidwa pa dzuwa.

Taonani kuti pa mndandanda umenewu palibe nsapato zodula, mafuta onunkhira kapena nsalu yatsopano. Chovala chikhoza kukhala chakale, bola chochapa.

6. Tisaweruze munthu ndi thupi lake

Pa madoko ena munthu akaonda, anthu amayamba manong'onong'o, ndipo ena amasiya kugula nsomba zake. Kuonda kuli ndi zifukwa zambiri. Ndipo kachilombo ka HIV sikafala kudzera mu nsomba, m'ndalama, m'mbale kapena pogwirana chanza. Munthu amene ali ndi kachilomboka ali ndi ufulu wopha, kukonza ndi kugulitsa nsomba monga wina aliyense, ndiponso wosankhidwa mu komiti.

Chimodzimodzi anzathu achialubino. Khungu lawo si matenda opatsirana. Chimene amafunika ndi chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi malo a mthunzi ogwirirapo ntchito, chifukwa dzuwa la pa nyanja limawapsereza ndipo likhoza kuyambitsa khansa ya pakhungu. Munthu wolumala, wa zipsera kapena wa maso ofiira chifukwa cha utsi wa m'ng'anjo si wauve.

Kunyoza kuli ndi zotsatira zoipa pa ukhondo womwewo. Munthu amene akudziwa kuti asekedwa amabisa matenda ake. Msodzi akayamba kutsegula m'mimba amakabisala m'njeza m'malo mouza anzake, ndipo pomwe azidzamupeza amakhala atafooka kale. Doko limene anthu amasekana ndi limene kolera imafala mwakachetechete.

Membala wa komiti akaona wina akulakwitsa, amuitanire pambali. Kunena kuti "Achimwene, sopo ali apo, tiyeni tisambe kaye" n'kosiyana ndi kukuwa pa gulu kuti "Iwe ndiwe wauve." Ngati ndi mayi, amulankhule mayi mnzake. Ngati ndi wamkulu, mutumireni wa msinkhu wake.

7. Amayi pa doko

Ntchito yambiri yotsuka, kuyanika, kuwamba ndi kugulitsa nsomba imagwiridwa ndi amayi, ndipo ena amagona pa doko masiku angapo kudikira mabwato. Komabe madoko ambiri alibe bafa kapena chimbudzi cha amayi. Mwamuna amavula n'kusamba poyera, mayi sangatero. Amadikira mdima, ndipo mdimawo uli ndi zoopsa zake. Ndiye si chilungamo kumunena mayi kuti sadzisamala pamene doko silinamupatse posambira.

Kusamba kwa pamwezi ndi chilengedwe, ndipo sikuononga nsomba. Mayi amene ali kumwezi amangofunika malo obisika osinthira ndi kuchapira nsalu zake, madzi ndi sopo. Pokonza mapulani a zimbudzi ndi mabafa, amayi a mu komiti ndiwo asankhe malo ake.

8. Anzathu a m'zimbowera

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu, ndipo tisanamizane kuti yankho lake ndi lapafupi. Pa chimbowera sungakumbe dzenje. Asodzi amakhala komweko masabata kapena miyezi, kutali ndi mjigo ndi chipatala. Komabe zilipo zimene zingachitike:

* Bwato lililonse lopita ku zimbowera linyamule sopo, zigubu zotsekera ndi mankhwala a klorini kapena WaterGuard. Mlangizi wa za umoyo akuuzani muyeso wake. Madzi akakhala a matope, ayambe akhazikika, asefedwe ndi nsalu yoyera, kenako thirani mankhwala n'kudikira mphindi 30. Ngati mankhwala palibe, awiritseni.
* Chimbowera chilichonse chikhale ndi mapaketi a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ikasowa, thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi.
* Wina akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, ayambe kumwa pomwepo, ndipo apitirize kumwa ali m'bwato popita kumtunda. Musadikire kuti kuche kapena kuti khoka livuulidwe.
* Eni makoka agwirizane kuti mlovi wodwala sachotsedwa ntchito, ndipo amene wamuperekeza salandidwa gawo lake.
* Katemera wa kolera akabwera, komiti ithandize a chipatala kufikira zimbowera zonse. Koma katemera sateteza moyo wonse, choncho salowa m'malo mwa sopo ndi madzi otetezedwa.

9. Ukhondo ndi mtengo wa nsomba

Matemba oyanika pansi amatola mchenga, amapondedwa ndi nkhuku ndi agalu, ndipo ntchentche zimaikirapo mazira. Oyanika pa thandala, kapena m'nyumba zoumitsira za pulasitiki zimene magulu ena a amayi a ku Chilwa akhala akugwiritsa ntchito, amatuluka oyera ndipo amasungika nthawi yaitali. Wogula akalumapo mchenga kamodzi sabweranso. Masitolo a m'tauni amafuna chakudya cholongedza chovomerezedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo poyendera malo okonzera chakudya, madzi, zimbudzi ndi posambira m'manja zimayang'anidwa.

Tonse tikudziwa kuti nsomba za ku Chilwa sizichuluka chaka chilichonse. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Nsomba zikachepa, phindu limachokera pa kusamala zochepa zomwezo kuti zisaonongeke. Komanso doko likamveka mbiri ya kolera, ogula amathawa, ndipo amene amavutika ndi onse, aukhondo ndi osasamala omwe.

10. Udindo wa komiti

Makomiti a m'madoko anayamba kuno ku Chilwa nyanja itaphwa mu 1995, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira usodzi. Ambiri amadziwa komiti pa nkhani ya maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja. Koma doko ndi malo a ntchito, ndipo komiti ndiyo imasunga dongosolo pamalopo. Mogwirizana ndi a mfumu, komiti ya za umoyo ya m'mudzi ndi alangizi, chitani izi:

1. Yenderani doko lonse n'kulemba zimbudzi, mabafa, mijigo, maenje a zinyalala ndi malo osambira m'manja amene alipo ndi amene akugwiradi ntchito.
2. Mangani zimbudzi za amuna ndi za amayi pa malo okwera, mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo. Popeza dothi la m'mbali mwa nyanja limagumuka ndipo madzi ali pafupi, kwezani chimbudzicho ndi kulimbitsa dzenje lake. Pa bowo pakhale chivundikiro.
3. Ikani mpondagiya ndi sopo pa khomo la chimbudzi, pa mathandala ndi pa malo ogulitsira zakudya.
4. Patulani malo otumbulira nsomba, ndipo matumbo ndi mamba zikwiriridwe tsiku lililonse.
5. Gwirizanani za kandalama ka sopo ndi kosamalira zimbudzi. Msungichuma alembe zolowa ndi zotuluka, ndipo aziwerenga pa msonkhano.
6. Khazikitsani malamulo okhudza zochita, osati maonekedwe. "Aliyense asambe m'manja asanagwire nsomba pa thandala" ndi lamulo labwino. "Ovala zong'ambika asafike pano" ndi tsankho.
7. Chilango chibwere pokhapokha zipangizo zilipo. Simungalipiritse munthu chifukwa chopita kuthengo pamene doko lilibe chimbudzi.
8. Munthu mmodzi yekha akatsegula m'mimba mwa madzimadzi, dziwitsani mlangizi wa za umoyo tsiku lomwelo.

Nyengo yotseka nyanja imakumana ndi nyengo ya mvula, pamene kolera imakonda kubuka. Choncho zimbudzi zikonzedwe mvula isanayambe, ndipo nthawi imene makoka ali kumtunda igwiritsidwe ntchito pokonza zimene zagumuka.

Mafunso okambirana

1. Pa doko lathu, ndi anthu ati amene amanenedwa kuti ndi auve? Kodi amanenedwa chifukwa cha zochita zawo kapena maonekedwe awo?
2. Mlendo akafika lero n'kufunsa chimbudzi, timulozera kuti?
3. Amayi ogona pa doko amasamba kuti, ndipo nthawi yanji?
4. Mlovi akadwala usiku ku chimbowera, ndani amutengere kumtunda, ndipo ndani alipire?
5. Kodi ife a komiti timasamba m'manja anthu akuona?

Ntchito ya mwezi uno

Komiti isatseke msonkhano isanasankhe zinthu ziwiri zoti ichite mwezi uno usanathe. Mlembi alembe dzina la woyang'anira ntchito iliyonse ndi tsiku loimalizira, ndipo apereke kope kwa mlangizi wa za usodzi. Ngati ndalama palibe, yambani ndi mpondagiya. Amangofuna kachigubu, chingwe, timitengo ndi kachidutswa ka sopo, ndipo munthu mmodzi akhoza kumumanga m'mawa umodzi. Woyamba kusambapo akhale wapampando.